Musanagule simenti, dziwani ngati ntchito yokonza nyumba yanu ikufuna chilolezo cha khonsolo

Mlamu wanga ali ndi nyumba ya zipinda zitatu kuno ku Salima, mtunda wongoyenda pansi kuchokera pa Kamuzu Road. Chaka chimene mwana wake wamkazi ankachita chinkhoswe anaona kuti pabalaza pachepa, ndiye anaitana mmisiri. Mmisiriyo anagogoda ndi hamala khoma la pakati pa balaza ndi chipinda cha alendo, n'kunena kuti, "Bwana, ili n'longogawa zipinda. Tigumula lero, mawa tikhala tikupaka pulasitala." Anagumuladi. Chinkhoswe chinachitika, alendo anakwana bwinobwino. Litadutsa dzinja limodzi, siling'i inayamba kulendewera pakati, chitseko chakumaso chinayamba kukana kutsekeka, ndipo mng'alu unatuluka pakona ya zenera n'kukwera mpaka kudenga, waukulu moti chala chinkalowa. Khoma lija ndi limene linasenza mitengo ya denga, ndipo nyumbayo, ngati nyumba zambiri zakale za kuno, inamangidwa yopanda ring beam, bimu ya konkire ndi zitsulo yozungulira pamwamba pa makoma.

Ndinali nawo pokonzanso. Ndalama zimene zinapita pochirikiza denga ndi kuthira bimu zinaposa zimene akanapereka kwa wojambula pulani ndi ku khonsolo zitaphatikizidwa. Koma chimene chimandiwawa mpaka lero si ndalamazo. Ana ankagona pansi pa denga limenelo dzinja lonse, mvula ikugwa, mphepo ikuwomba.

Ambirife timaganiza kuti chilolezo n'cha munthu amene akumanga nyumba yatsopano, ndipo nyumba ikaima kale mwini wake akhoza kuichita chilichonse. Si mmene zilili. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988, linaika dziko lonse la Malawi pansi pa mapulani, pamene kale anali madera osankhidwa okha. Ndipo lamulolo likamanena za chitukuko chofuna chilolezo limaphatikiza kumanganso, kuwonjezera nyumba, ndi kusintha ntchito imene malo kapena nyumba ikugwira. Kuno kwathu nkhani zimenezi zimadutsa ku khonsolo ya boma la Salima. Diso la khonsolo limafika kwambiri m'tauni, m'malo a malonda ngati Kaphatenga, Chipoka ndi Senga Bay, m'mbali mwa misewu ikuluikulu, ndi m'mphepete mwa nyanja. Ngati nyumba yanu ili m'malo otere, tsatirani ndondomeko iyi.

Choyamba: lembani ntchito yonse papepala

Musayambe ndi mmisiri, yambani ndi kope. Lembani chilichonse chimene mukufuna kuchita, ngakhale chimene mukuti mudzachita chaka chamawa ndalama zikadzapezeka. Mukatero, dutsani mzere ndi mzere mukudzifunsa mafunso anayi. Kodi ntchitoyi ikukhudza chimene chasenza nyumba, monga maziko, khoma lonyamula denga, bimu, kapena mitengo ya denga? Kodi ikukulitsa nyumba kapena kusintha maonekedwe ake akunja? Kodi ikusintha ntchito ya nyumbayo? Kodi ikukhudza malire a puloti, kapena kukumba pansi kuti mulowe madzi oipa?

Mzere umene mwayankha kuti ayi kanayi konse ndi kukonza wamba. Kupenta, kumatanso pulasitala, kuika matailosi, kusintha siling'i yodyedwa ndi chiswe, kuchotsa malata a dzimbiri n'kuika atsopano pa mitengo yomweyo, kusintha chitseko kapena zenera pamalo pake pomwepo osakuza mpata, kukhoma makabati kukhitchini, kukonza mpope wodontha: zonsezi chitani mtima uli m'malo. Palibe amene angakuletseni kusamala nyumba yanu.

Mzere umene mwayankha kuti inde, ngakhale kamodzi kokha, ndi umene uyenera kukafika ku khonsolo. Kuwonjezera chipinda, kumanga boyizikota kuseri, kukweza nyumba kuti ikhale yosanjikizana, kugumula khoma lalikulu, kusintha kapangidwe ka denga, kumanga mpanda wa njerwa, kukumba sepitiki thanki, kugwetsa nyumba yonse kuti muyambirenso, kudula puloti pawiri kuti mugulitse theka.

Pali ntchito zina zimene zimapusitsa anthu chifukwa zimaoneka zazing'ono. Khonde ndi loyamba. Munthu amayamba ndi kuika zitsulo zoteteza ku mbava, kenako amamanga kakhoma kofika m'chiuno, kenako amatseka mpaka kumwamba, ndipo pakutha pa miyezi itatu khonde lasanduka chipinda chogona mlendi. Nyumba yakula, ngakhale mwini wake sanakumbe maziko atsopano, ndipo maziko a khonde nthawi zambiri sanapangidwe kuti asenze khoma lathunthu. Chachiwiri ndi zenera. Kutentha kwa Salima mu Okutobala ndi Novembala kumakakamiza munthu kukulitsa mazenera, ndipo n'zomveka. Koma pamwamba pa zenera pamakhala lintala, kabimu kosenza njerwa, ndipo mukakulitsa mpata osatalikitsa lintalayo, njerwa zapamwamba zimatsala zopanda pokhala. Chachitatu ndi denga. Kusintha malata ndi kukonza wamba, koma kuchotsa denga lopendekera mbali imodzi n'kuika lamakono lotalika ndi ntchito ina, chifukwa kulemera kwasintha, ndipo mmene mphepo izidzalikankhira kwasinthanso.

Funso lachitatu lija, la kusintha ntchito ya nyumba, ndi limene anthu amakangana nalo kwambiri. Amati, "Sindinamange chilichonse, ndangotsegula golosale m'chipinda chakumaso." Kwa a mapulani, nyumba yogona ikasanduka shopu, malo ogona alendo, sukulu ya mkaka, tchalitchi, malo omwera mowa kapena chigayo, ndiye kuti malowo asintha ntchito, chimene m'maofesi amati change of use, ndipo chimafuna chilolezo ngakhale simunagwire njerwa. Ine ndimaona kuti lamuloli n'labwino. Aliyense amene anagonapo moyandikana ndi chigayo kapena bala yotsegulidwa pakati pa nyumba za anthu akudziwa chifukwa chake.

Chachiwiri: dziwani mtundu wa malo amene nyumba yaimapo

Tulutsani mapepala onse a malowo. Ngati muli ndi lizi ya boma, iwerengeni yonse, chifukwa mkati mwake munalembedwa ntchito imene malowo anaperekedwera. Malo a nyumba yogona mukafuna kuwasandutsa a bizinesi, nkhaniyo imakhudzanso a Unduna wa za Malo, osati khonsolo yokha. Onaninso ngati mulibe ngongole ya lendi ya malo kapena misonkho ya khonsolo. Ngongole zotere zimatulukira nthawi yomwe mwapita kukapempha chilolezo, ndipo n'kwabwino kuzidziwiratu.

Ngati malowo munapatsidwa kapena munagula kudzera mwa amfumu, mverani bwino apa. Kalata ya amfumu ndi yofunika, isungeni mosamala, chifukwa ndi umboni wa mmene malowo anafikira m'manja mwanu. Koma kalatayo si chilolezo chomangira. Amfumu amachitira umboni za malo, khonsolo imavomereza chimene chikumangidwa pamalopo. Tauni ya Salima yakula mpaka kulowa m'midzi imene kale inali minda, ndipo m'malo otere ndi mmene anthu amasokonekera kwambiri, munthu n'kumaonetsa kalata ya a nyakwawa kwa woyendera zomangamanga akuganiza kuti nkhani yatha. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linabweretsa makomiti a malo m'madera a magulupu, ndi mwayi wolembetsa malo a makolo. Kumene ntchito imeneyi inafika, pepala lolembetsera malo limathandiza kwambiri pokapempha chilolezo.

Ngati nyumbayo ndi ya lendi, kaya ya munthu kaya ya Malawi Housing Corporation, musagumule kapena kuwonjezera kanthu popanda kalata ya mwini wake. Mawu apakamwa akuti "pangani, tidzachotsera pa lendi" amaiwalika tsiku losamuka. Chimodzimodzi nyumba ya masiye imene abale sanagawane: khalani pansi kaye ndi akubanja, mugwirizane, mulembe.

Chachitatu: yendani m'malire ndi tepi

Gawo ili ndi limene ndikufuna mulitengere nthawi, chifukwa nyumba zambiri zimene zimalembedwa chizindikiro chofiira sizilakwa pa kamangidwe, zimalakwa pa malo pamene zaima.

Yambani ndi mabikoni, zizindikiro za malire a puloti. Afufuzeni onse, ngakhale atakwiririka ndi mchenga kapena udzu. Ngati asowa, itanani wopima malo wovomerezeka adzawabwezeretse musanakumbe ngalande ya mpanda. Mpanda wolowa kwa mnzanu ndi phazi limodzi lokha ukhoza kudanitsa mabanja kwa zaka. Ndipo ngakhale mkati mwa puloti yanu, simuloledwa kumanga mpaka kugunda malire. Pamayenera kutsala mpata kumaso, m'mbali ndi kuseri, kuti mphepo ndi kuwala zilowe, madzi a padenga panu asagwere kwa neba, komanso moto ukabuka usalumphe msanga. Kukula kwa mpatawo kumatengera dera, ndipo ndi limodzi mwa mafunso amene mukafunse ku khonsolo.

Kenako yang'anani msewu. Misewu ikuluikulu ngati M5 yopita ku Nkhotakota ndi ku Balaka, ndi M14 yochokera ku Lilongwe, ili ndi malo ake osungidwa, mamita 30 mbali iliyonse kuyambira pakati pa msewu. Malo amenewo ali m'manja mwa Roads Authority, ndipo m'madera ambiri muli zipilala zosonyeza pamene athera. Munthu akaona tala ili patali amaganiza kuti malo onse apakatiwo ndi ongokhala, n'kuwonjezera shopu kumaso kwa nyumba. Tsiku lokuza msewu likadzafika, amene analowa m'malo a msewu asadzayembekezere chipukuta misozi. Njanji imene imadutsa m'tauni muno kupita ku Chipoka ndi ku Lilongwe nayonso ili ndi malo ake m'mbali zonse ziwiri.

Kwezani maso muone mawaya a ESCOM. Chipinda chatsopano kapena denga lotalika lisafike pansi pa mawaya a mphamvu yaikulu, ndipo musatsekere pholo mkati mwa khoma. Tsitsani maso mufunse pamene padutsa mapaipi a Central Region Water Board, kuti musathire konkire pamwamba pake. Onaninso njira imene madzi a mvula amadutsa. Salima ndi malo athyathyathya, madzi sathamanga, ndipo mpanda umodzi wotseka ngalande umatha kulowetsa madzi m'nyumba za anthu a mzere wonse.

Tsopano nyanja. Amene muli ndi nyumba ku Senga Bay, ku Chipoka kapena kwina kulikonse m'mphepete mwa nyanja munaona nokha zimene zinachitika mu 2024, pamene madzi anakwera n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu, kugwetsa mipanda ndi kumiza mabwalo amene anthu ankakhalapo madzulo. Chaka chomwecho anzathu a ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota anaona madzi osefukira akukokolola nyumba. Nyanja ikaphwa kwa zaka zingapo imasiya mchenga wokongola umene umakopa munthu kuwonjezera chipinda chakunyanja, koma mchengawo ndi wa nyanja, ndipo imabwera kudzautenga. Funsani akuluakulu a m'deralo pamene madzi anafikapo kale, yang'anani zizindikiro za madzi pa makoma ndi pa mitengo, ndipo kumbukirani kuti ntchito zikuluzikulu za m'mphepete mwa nyanja, monga loji, zimakhudzanso bungwe loona za chilengedwe la MEPA. Amene muli pafupi ndi mitsinje ya Linthipe, Lifidzi ndi Lingadzi, nkhani ndi yomweyo.

Chachinayi: pitani ku khonsolo musanajambulitse pulani

Anthu ambiri amayamba ndi kulipira wojambula, n'kukamva ku ofesi kuti chimene chajambulidwacho sichingaloledwe pamalo amenewo. Bwererani pambuyo. Tengani kope lanu lija, mapepala a malo, chiphaso chanu cha unzika, pulani yakale ya nyumba ngati ilipo, ndi zithunzi za nyumbayo pa foni, mbali zonse zinayi. Funsani ofesi yoona za mapulani ndi malo, kapena ya zomangamanga. Nenani momveka: "Ndikufuna kuchita zakutizakuti pa nyumba yanga ili pakutipakuti. Kodi zikufuna chilolezo?" Safunsa anadya phula, ndipo kufunsa kumeneku sikukutayitsani kanthu kupatula ya kabaza.

Funsaninso kuti dera lanu analiika kuti ndi la chiyani, la nyumba zogona kapena la malonda, kuti mpata wa kumalire ndi wotani, akufuna makope angati a pulani, ndalama yake ndi zingati, ndiponso komiti imene imaunika mapulani ikumana liti. Akakuuzani kuti ntchito yanu sikufuna chilolezo, lembani tsiku ndi udindo wa amene wakuuzaniyo, ndipo ngati n'kotheka pemphani kakalata. Anthu m'maofesi amasinthidwa, pepala limatsala.

Chachisanu: jambulitsani pulani kwa munthu wodziwa dothi la kuno

Pulani ya ntchito yokonza iyenera kuonetsa zinthu ziwiri mosiyanitsa bwino: chimene chilipo kale, ndi chimene chikubwera kapena kuchotsedwa. Iyeneranso kuonetsa pamene nyumba yaima pa puloti, kutalika kwake kuchokera kumalire ndi kumsewu, ndi kumene madzi oipa azipita. Pezani wojambula wovomerezeka amene mapulani ake khonsolo imawalandira, ndipo muumirire kuti abwere adzaone nyumbayo ndi maso, ayeze yekha. Wojambula amene akufuna kungomva pa foni n'kutumiza pulani pa WhatsApp musiyeni. Ngati ntchitoyo ikukhudza nyumba yosanjikizana, silabu ya konkire, kapena kuchotsa khoma lonyamula denga, pakufunika injiniya. Mlamu wanga akanafika pa sitepe iyi, funso loyamba la injiniya likanakhala lakuti mitengo ya denga yakhala pa chiyani, ndipo akanangokwera mu siling'i ndi tochi kukaona.

Salima ili ndi zake zimene pulani yokopera ku Lilongwe singazidziwe. Madera ambiri kuno ali ndi dothi lakuda la makande, limene limafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Chipinda chatsopano chikalumikizidwa ku nyumba yakale pa dothi lotere, ziwirizi sizikhazikika mofanana, ndipo mng'alu umatulukira pamene zakumana. Wodziwa ntchito amazamitsa maziko mpaka pa dothi lolimba, amaika zitsulo, ndipo amakonzeratu polumikizirapo. Chakunyanja vuto ndi lina: mchenga, ndi madzi apansi amene ali pafupi kwambiri. Sepitiki thanki kapena chimbudzi chokumba chikayandikana ndi chitsime, zoipa zimayenda mumchenga mosavuta. A zaumoyo amalangiza kuti pakati pa chimbudzi ndi chitsime pakhale mamita osachepera 30, ndipo m'dera limene kolera amativutitsa kawirikawiri sindiona chifukwa chochepetsera mtunda umenewu, ngakhale chitsimecho chikhale cha neba.

Tisaiwalenso kuti timakhala m'chigwa cha zivomerezi. Akuluakulu amakumbukira chivomerezi cha mu Malichi 1989, chimene chinagwedeza Salima, kupha anthu ndi kusiya mabanja ambiri opanda pogona. Ku Karonga zinachitikanso mu Disembala 2009. Chimene chimamanga makoma pamodzi nthaka ikagwedezeka ndi ring beam, ndipo chimene chimaletsa denga kuuluka mphepo ya mkuntho ikabwera ndi mawaya kapena zitsulo zomangirira mitengo ya denga ku khoma. Ngati mukutsegula denga pa chifukwa chilichonse ndipo nyumba yanu ilibe zimenezi, nthawi yoziika ndi yomweyo. Mukadzafuna kuziika padera mudzalipira kutsegula dengalo kachiwiri.

Chachisanu ndi chimodzi: perekani mapepala, lipirani, tengani lisiti

Mudzalemba fomu yopempha chilolezo, n'kupereka makope a pulani ndi umboni wa malo. Pali ndalama younikira pulani, imene amaitcha scrutiny fee, ndipo imatengera kukula ndi mtundu wa ntchitoyo. Lipirani pamalo polipirira ovomerezeka, mulandire lisiti ya khonsolo ya chidindo. Aliyense wokuuzani kuti mumupatse ya fanta kuti pulani idutse msanga popanda lisiti akukugulitsani mavuto, chifukwa chidindo chimene sichinalembedwe m'buku la ofesi sichidzakutetezani tsiku la mlandu.

Pulani imadutsa m'manja mwa anthu angapo, a mapulani, a zomangamanga, a zaumoyo, ndipo ena amabwera kudzaona malo. Yankho limakhala la mitundu itatu: avomera, avomera koma ndi mfundo zoti mutsatire, kapena akana n'kupereka zifukwa. Akakana, nthawi zambiri nkhani imatha ndi kukonza pulani, monga kusuntha khoma kapena kusintha malo a sepitiki thanki. Ngati mukuona kuti sanakuchitireni chilungamo, lamulo limapereka mwayi wochita apilo.

Za nthawi, langizo langa ndi ili. Yendetsani mapepala m'dzinja, pakati pa Janyuwale ndi Malichi, pamene kumanga n'kovuta kale. Mvula ikamatha mu Epulo mudzakhala muli ndi pulani ya chidindo m'manja, ndipo chilimwe chonse chidzakhala chanu. Amene amayamba kuyenda m'maofesi mu Seputembala amapanikizika, amaona mitambo ikusonkhana, n'kuyamba kumanga chilolezo chisanatuluke. Ndipo musagule simenti mukudikira. M'chinyezi cha kunyanja kuno thumba likakhala miyezi ingapo pansi limauma n'kukhala mwala. Chilolezo chikatuluka, werengani tsiku lake, chifukwa chimakhala ndi nthawi imene ntchito iyenera kukhala itayambika.

Chachisanu ndi chiwiri: magetsi, madzi ndi mjigo zili ndi eni ake

Chilolezo cha khonsolo sichikupatsani mphamvu yogwira mita ya ESCOM kapena ya madzi. Ngati chipinda chatsopano chikufika pamene pali mita, kapena waya wochokera pa pholo ukufunika kusuntha, kauzeni eni ake adzasunthe okha. Mawaya a m'nyumba aikidwe ndi munthu amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Kukoka waya kuchokera m'nyumba yaikulu kupita ku boyizikota mwachisawawa, kudutsa pabwalo pamene ana amasewera, ndi chinthu chimene ndimapempha aliyense asachite. Kukumba mjigo nako kumadutsa ku bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority, ndipo kampani yokumba yovomerezeka imadziwa ndondomeko yake.

Chachisanu ndi chitatu: pomanga

Sungani kope limodzi la pulani ya chidindo pamalo a ntchito, m'pepala la pulasitiki kuti lisanyowe, lina likhale kunyumba. Woyendera zomangamanga akafika, amisiri akhale ndi choonetsa ngakhale inu mulibe. Funsani ku khonsolo magawo amene akufuna kudzaona. Gawo lofunika kwambiri ndi maziko asanathiridwe konkire, chifukwa akakwiririka palibe amene angaonenso kuti anazama bwanji ndipo munalowa zitsulo zotani.

Yesero lalikulu limabwera apa. Ngalande ya maziko itakumbidwa, mmisiri amayandikira n'kunena kuti, "Bwana, bwanji tingokankhako pang'ono mbali iyi, chipinda chikule? Njerwa zikwana." Kukankha pang'onoko ndi kumene kumadya mpata wa kumalire, ndipo nyumba yosiyana ndi pulani imaonedwa ngati yomangidwa popanda chilolezo. Ngati kusinthako n'kofunikadi, imitsani mbali imeneyo, wojambula akonze pulani, mukaiperekenso.

Lembani mgwirizano ndi mmisiri, ngakhale wa tsamba limodzi: ntchito yake, mtengo, ndi magawo olipirira. Pa ntchito yaikulu gwiritsani kontrakitala wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga limene ambiri timalidziwa kuti NCIC. Ngati chimene mukumangacho ndi cha bizinesi, monga shopu kapena loji, dziwani kuti malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda, ndiye konzekerani mabuloko a simenti. Mukamaliza, kauzeni a khonsolo adzaone. Pa nyumba ya bizinesi kuyenderaku n'kofunika kwambiri, chifukwa kutsogolo kuli laisensi ya bizinesi ndi kuyendera kwa a zaumoyo.

Mapepala onsewa, pulani, malisiti, kalata yovomereza, asungeni pamodzi ndi a malo. Tsiku lina mukadzafuna kugulitsa nyumbayo, kutengera ngongole ku banki, kapena kuisiyira ana, wopima mtengo wa nyumba adzafananitsa chimene chaima pansi ndi chimene chili papepala.

Ngati munamanga kale, kapena kalata yoimitsa ntchito yafika

Imitsani ntchito tsiku lomwelo. Musauze amisiri kuti afulumire usiku kuti denga likwere khonsolo isanabwerenso. Lamulo limapatsa akuluakulu a mapulani mphamvu yoimitsa ntchito, yolamula kuti chimene chamangidwa chikonzedwe kapena chigwetsedwe, ndi yotengera munthu kukhoti, ndipo kupitiriza kumanga mutalandira kalata kumakulitsa mlandu. Werengani kalatayo bwino, muone masiku amene akupatsani. Tengani kalatayo ndi mapepala a malo, mupite nokha ku ofesi imene yailemba masikuwo asanathe, mufunse ngati n'kotheka kujambulitsa chimene chamangidwacho kuti chiunikidwe.

Ngati chimene munamanga chili mkati mwa puloti yanu, chili cholimba, ndipo chikugwirizana ndi dera, nkhani zambiri zotere zimatha ndi pulani, malipiro ndi chindapusa. Ngati chalowa m'malo a msewu, pansi pa mawaya a mphamvu yaikulu, pa njira ya madzi kapena kwa neba, musataye ndalama ndi anthu olonjeza kuti akuthandizani kuseri. Gumulani nokha mbali yolowererayo mwadongosolo, kuyambira kudenga kutsika, kuti mupulumutse malata, mitengo, mafelemu a zitseko ndi mazenera, ndi njerwa zimene zingagwirenso ntchito pomanga mbali yololedwa.